Tsiku Limene Ndinapereka Mkazi Wanga kwa Nyani

Abale anga, chisiyireni mowa ndakhala ndikuulula machimo anga limodzilimodzi, koma ili lokha ndimalizemba, chifukwa ndikangoliyamba anthu m'malo mondipempherera amagwa ndi phwete. Lero ndinena, sekani mumalize.

Chaka chimenecho amake Mutinta, mkazi wanga, anali atalongedza n'kupita kwa akulu awo ku Libuyu. Wolakwa ndinali ine, sindikana: kumwa, kunama, kuchoka Lachisanu kubwera Lolemba. Miyezi itatu ndili ndekha ku Maramba, kupepesa pa foni tsiku ndi tsiku, yankho lawo limodzi lokha: "Namvela."

Nthawi imeneyo ndinkathirira maluwa pa loji ina yogona azungu aja oyenda ndi zikwama kumsana. Tsiku lina awiri, mwamuna ndi mkazi wake, anandiitana kuti ndione zithunzi pa foni. Ee! Mapiri oyera mbuu, ayezi wamtali kuposa tchalitchi, timatauni tokanirira m'mbali mwa phiri, iwo ali m'majekete otupa, agwirana manja, mano onse panja. Akuti ukwati wawo walimba chifukwa choyenda limodzi movutika. Ine ndi sukulu yanga yochepayi ndinangomva kuti ukwati umalimba ndi chikwama ndi jekete.

Ulendo wa pa salaula, pogulitsa zovala zakale, ku Maramba Market. Ndinagula chikwama chachitali ngati munthu, jombo zazikulu kuposa mapazi anga, ndi chijekete chofiira cha ubweya m'khosi. Mwezi wake? Okutobala! Mwezi umene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Kodi panalibe munthu wondigwira dzanja?

Ndinapita ku Libuyu, ndinagwada pamaso pa amake Mutinta, ndinati tiyeni ndikutsitseni kumunsi kwa mathithi, kuja madzi amazungulira ngati akuwira, tikakambirane. Ndinawonjezanso bodza, poti linali lisanandichoke m'kamwa: ndinati ndimatsitsako azungu sabata iliyonse. Chibadwire ndinali ndisanapondeko. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ni komaliza uku, ba Tembo. Mukanichititsa manyazi, musabwelenso."

Loweruka ndinalongedza mabulangeti awiri, mbaula, makala ndi poto, ulendo wa maola atatu! Nkhuku yokazinga ndi zitumbuwa ndinaika m'pulasitiki n'kunyamula m'manja. Madzi akumwa sindinatenge, ndinati tikupita kumtsinje. M'minibasi mayi wina anandiyang'ana kuyambira jombo mpaka ubweya.

"Ba mudala, muyenda ku mwezi?"

Amake Mutinta anatembenukira ku windo ngati sitidziwana.

Pa geti lolowera ku mathithi mlonda anandichenjeza bwinobwino. "Bisani pulasitiki iyo, anyani amaidziwa. Na jekete vulani, muzafa."

"Ndimagwira ntchito ndi azungu ine," ndinatero. Mulungu andikhululukire.

Tinayamba kutsika. Njira yake miyala yokhayokha, jombo zikuvuka, poto akulira kumsana ngwe ngwe ngwe, thukuta likutsikira m'masokosi. Ndinati ndimasule jekete pang'ono, zipi yakana. Ndikoke, yakana. Ndiye kuti ndaphikidwa ndili moyo, koma ndikumwetulirabe, ndikuloza mitengo n'kumaipatsa mayina opeka.

Kenako pokhota, nyani. Osati kamwana ayi, chimphongo, chakhala pakati pa njira ngati wapolisi wa pamsewu. Chinayang'ana ine, chinayang'ana pulasitiki, chinayasamula kundionetsa mano otalika ngati zala zanga, n'kuyamba kubwera mosafulumira.

Tchimo lija ndi ili. Ine Tembo, bambo wa ana atatu, wobwera kudzapempha ukwati wanga, ndinakankhira pulasitiki m'manja mwa mkazi wanga, ndinalumphira kumbuyo kwawo, ndinagwira chitenje chawo, n'kukuwa ndi mawu onse:

"Si ine! Ni aba!"

Kuuza nyani! Ngati kuti alemba sitetimenti!

Amake Mutinta sanakuwe. Anaponya pulasitiki kutali, chinyani chija chinatola n'kukakhala pamwala, kumadya ntchafu ya nkhuku chikundiyang'ana. Iwo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Siyani chitenje changa."

Ndinasiya.

"Ndiye azungu banu mumabachita so sabata iliyonse?"

Mukanayankha chiyani inu? Kumunsi sitinafike. Tinabwerera, ndipo kukwera ndi kumene kunandimaliza. Pakhosi pouma gwa, maso kuona timiyala tikuvina, kenako zii. Podzidzimuka ndinapeza ndagona chagada pa chikwama ngati kamba wotembenuzidwa, anthu andizungulira, wina akundithira madzi kumaso, amake Mutinta akung'amba jekete ndi mpeni wobwereka. Alendo ena akujambula. Kutsegula chikwama kuti apeputse, makala khuthu! Munthu wina anafunsa ngati tikusamuka.

Chikwama chija anachisenza pamutu mkazi wanga mpaka pa geti, ine kumbuyo ndi jombo m'manja. Mlonda anangondipatsa sawasha ngati msilikali. Bola akananditukwana!

Ku tauni amake Mutinta anakwera minibasi ya ku Libuyu osatsanzika. Ndinati basi, ukwati ndaupha ndekha, ndipo ndiyenera.

Mawa lake masana, nditakhala pakhonde, ndinangoona wilibala ikulowa ndi masutikesi, amake Mutinta pambuyo. Ndinaimirira.

"Amake Mutinta, mwandikhululukira?"

"Awe. Nabwela chifukwa mukakhala mweka muzafa na upuba, uchitsiru wanu uja, ndiye banthu bazakamba ati ni ine. Chokani pa chitseko."

Ndinachoka pa chitseko, ndipo mpaka lero tili limodzi. Koma ndinalumbira: munthu akadzandionanso ndikukonza ukwati ndi nzeru za pa foni ya mlendo, andimange pa mtengo wa mango, asandimasule ngakhale ndilire.