Ndinathirira Kafukufuku wa Boma

Mpaka lero mwana wanga Misozi akandiona nditanyamula ndowa amayamba wafunsa kumene ndikupita nayo. Sindimuimba mlandu.

Misozi amaphunzitsa zaulimi kuyunivesite ku Lusaka. Chaka chatha boma linapatsa iye ndi anzake ndalama zofufuzira mbewu ya chimanga yopirira chilala, ndipo anapempha dimba langa la ku Shimabala, m'dera la Kafue, kuti ayeserepo. Atabzala anagawa dimbalo pawiri ndi chingwe.

"Atate, uku muzithirira mwa masiku onse. Uku kwa zikhomo zofiira, pakapita milungu itatu musiye. Olo dontho."

Ndinavomera (ndine munthu wosunga mawu, akutchalitchi angandichitire umboni).

Kenaka dzuwa la Okutobala linafika. M'mawa uliwonse ndikamaliza mbali yololedwa, ndinkaima pachingwe paja. Masamba a chimanga cha tsidya linalo anali atapindika ngati manja a munthu wopempha. Kamphepo kakadutsa ndinkamva ngati malemu mkazi wanga akuyenda m'mizere, chitenje chikukhudza masamba. Iye sankapitirira duwa lofota, ngakhale la eni ake, osalipatsako madzi. Ndinkachita kumumva akuti, "Bambo, mukungoyang'ana?"

Tsiku loyamba inali kapu imodzi chabe, paphesi limodzi lomwe linkaoneka kuti silifika madzulo. Mawa lake ndinaona kuti anzake a phesilo akundiyang'ana. Ndinabwera ndi ndowa. Pomatha sabata ndinali ndi paipi m'manja, ndikung'ung'udza nyimbo zakwaya, m'maganizo ndikuona dziko lonse litabiriwira kuchokera kuno ku Kafue mpaka ku Chipata.

Patapita milungu isanu Misozi anabwera ndi mkulu wa kuntchito kwake, a profesa ena aatali ovala chipewa. Anayeza mapesi, anayezanso, maso ali tong'o. Kenaka a profesawo anafuula m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka:

"Masabata yonse aya kulibe manzi? Ba tata, iyi mbeu izapulumusa ziko! Mailo tilembela boma, alimi onse aipasidwe."

Mailo wawoyo ndiye kuti mawa lomweli. Ndinaona alimi akubzala mbewuyo chaka cha chilala, akudikira chozizwa chomwe chinali ine ndi paipi yanga. Ndisanatsegule pakamwa, Misozi anagwada n'kulowetsa chala m'dothi. Chinatuluka ndi matope.

"Atate, mame a ku Shimabala ayamba liti kufika kumizu?"

"Chinali ndi ludzu, mwanangu."

"Ludzulo ndiye kafukufuku wake, atate!"

A profesa anavula chipewa n'kukhala pansi pamzere. Nyengo yonse inapita pachabe, ndipo Misozi analemba makalata miyezi iwiri kupempha boma kuti liwalole kuyambiranso. Mawu akuti "bambo anga" sanawalembemo (ndinamuthokoza).

Boma linawalola. Chaka chino mbali ija ili ndi waya ndi loko, kiyi ali ku Lusaka. Ndaphunzira, madzi sindiwayandikizako. Ndimangoima kunja kwa waya, n'kuvula chipewa, n'kupempha Mulungu kamvula koyambirira. Zimenezo Misozi sanaletse, ndipo musamuuze.