Mmene Ndinagwetsera Apongozi ku Gofu

Nkhani iyi mkazi wanga amainena paphwando lililonse, ndipo amaithira mchere wambiri. Ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi andigwire kamodzi n'kuthana nazo. Ine Yotamu Mwale, wokonza mafiriji ku Chawama, ndinagwetsa apongozi anga pansi chafufumimba anthu akuona, nkhani ya lobola isanayambe n'komwe. Ndinali ndisanamwe kanthu, ndipo chimene chinandilakwitsa ndi ulemu.

Nthawi imeneyo ndinali pachibwenzi ndi Taonga, mwana wa a Sakala a ku Chilenje. A Sakala anapuma ntchito ku banki, ndi mkulu wa mpingo, ndipo amapisira malaya ngakhale pothirira maluwa. Ine sankandifuna kwenikweni. Taonga atawauza ntchito yanga, akuti anangofunsa kuti, "Mafiriji chabe? Palibenso china?" Komabe anavomera kuti ankhoswe anga apite Loweruka lina kukayamba nkhani. Kunali kuvomera kwa munthu amene akufunafuna chifukwa chokanira.

Tsikulo litayandikira, mpingo wawo unakonza mpikisano wa gofu wopezera thandizo lofolera tchalitchi. Taonga anabwera ku shopu kwanga maso akuwala.

"Uyende ukachaye gofu," anatero. "Ba daddy bakakuona kuja, bazaziba ati ndiwe munthu wa level."

"Gofu? Ine nimaziba chabe bola ya mendo!"

"Bola ni bola. Iyi ni ing'ono, siingakuvute."

Chikondi chimapusitsa. Ndinavomera.

Amalume a Zulu a ku Kanyama, omwe anali ankhoswe anga, atamva kuti ndikakhala malo amodzi ndi a Sakala tsiku lonse, anandiitanitsa mwachangu. Anandikhazika pa kampando n'kuyamba kundilangiza chala chili m'mwamba.

"Mvela, Yotamu. Bapongozi sibaitaniwa na zina. Subayangana pa menso. Ukafuna kukamba nabo, chosa chisote, gwada, ombela mumanja. Ukabalakwila, usakambe nabo weka, uzaononga nkhani. Tuma ine. Manje chachikulu ni ichi: mau yako yasakwele pamwamba pa yabo. Ukapunda pamenso pabo, ukwati wasila!"

Mawu amenewo, makamaka oletsa kukuwa pamaso pa apongozi, ndinawameza onse, ndipo anakhazikika.

Ndodo za gofu ndinabwereka kudzera mwa mnzanga Bwalya, dalaivala wa bwana wina wokonda masewerawa. Bwalya gofu amaidziwa ndithu, ndipo anavomera kusewera nane. Vuto linali limodzi. Dzulo lake la mpikisanowo anakaonera mpira wa miyendo n'kukuwa mpaka mawu kutheratu. Ankalankhula monong'ona ngati tayala lomwe likuphwa.

"Malamulo ni yabili, mbuya," ananong'ona tikulowa pa geti. Iye ndi Mbemba, ine wa kum'mawa, ndiye timaitanana choncho ndipo kunyozana ndi chakudya chathu. "Ba kusogolo bakakhala pafupi, osachaya. Ulindile bayende. Elo bola ikayenda ku banthu, upunde ati 'Fore!' na mphamvu zonse, babise mitu. Ka bola aka kangapaye munthu."

Ndinakayang'ana kampirako, koyera, kochepa kuposa dzira. Ndinaseka.

Bwalolo linandidabwitsa. Udzu wobiriwira mu Okutobala, pamene ife ku Chawama madzi timachita kulimbirana pa mpopi! Anatigawa m'magulu, gulu lililonse kutsata linzake kuchoka dzenje ili kupita dzenje lina. Mwatsoka kapena mwamwayi, gulu la a Sakala linali patsogolo pathu penipeni. Ndinawapatsa moni nditagwada pa udzu, iwo anangogwedeza mutu n'kupitirira.

M'mawa wonse unali wamanyazi. Ndikati ndimenye mpira, ndimamenya mphepo. Ndikati ndiweramirepo, ndimazula udzu ndi dothi lomwe, mpira uli phee pamalo pake. Ukati wasuntha, umangogubuduka pang'ono ngati ukundimvera chisoni.

"Mbuya," ananong'ona Bwalya, "tabwela kuchaya gofu, osati kukumba mbeba."

Chopweteka kwambiri chinali chakuti a Sakala ankacheuka kawirikawiri. Akacheuka, amandipeza ndikubwezeretsa chibuma cha udzu ndi phazi. Amapukusa mutu n'kunena kanthu kwa anzawo, anzawowo n'kuseka. Mtima unandiwawa kwambiri. Ine munthu wonyamula firiji ndekha pamsana, kulephera kudzutsa kanthu kochepa chotero!

Dzuwa litakwera tinafika pa dzenje lina lalitali. Gulu la a Sakala linali chapakati pa bwalo, patali ndithu moti ankaoneka ang'onoang'ono. Bwalya anakhala pa benchi n'kutsegula botolo la maheu.

"Lindila," anatero. "Bakali pafupi."

Pafupi? Mpira wanga kuyambira m'mawa unali usanapitirire pamene mwana angaponye mwala. Komanso ndinaganiza kuti apongozi akacheuka n'kundipeza ndangoima manja m'thumba, anena kuti ndine waulesi. Ndinakhazika mpira pa kamtengo kake. Ndinaganiza za kuseka kuja, ndinaluma mano, n'kuzunguza ndodo ndi ukali wonse wa m'mawawo.

Thwaa!

Abale, kulira kwake kunali kokoma. Mpira unanyamuka mowongoka, kukwera, kukwerabe. Kwa kanthawi ndinamva kunyada kumene sindinakumvepo chibadwire. Kenako ndinaona kumene ukulowera. Unkapita kwa a Sakala enieniwo, omwe anali atawerama kuyang'ana mpira wawo, msana atalozetsa kwa ine.

Bwalya analavula maheu. "Punda! Punda, mbuya!" Anayesa kukuwa yekha, koma pakamwa pake panangotuluka kamphepo.

Ndinatsegula pakamwa. Mawu aja anali pa lilime, okonzeka. Koma amene ndimati ndiwakuwirewo anali apongozi! Chala cha amalume chinandibwerera m'maso. Ndikuwe, ukwati uthe? Mutu unaima, thupi linachita zimene linaphunzitsidwa. Ndinavula chipewa, ndinagwada, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu.

"Odi, ba tate," ndinatero ndi mawu a m'tchalitchi. "Odi kumeneko."

Mpira unagunda pansi kamodzi, n'kudumpha, n'kukafikira pa thako lamanja la a Sakala. Phaa! Ndinamva ndili pomwe ndinagwadapo. Mkulu wa mpingo analumpha m'mwamba, chipewa uko, ndodo uko, n'kugwa chafufumimba pa udzu. Anzawo anabalalika atagwira mitu.

Ndapha munthu! Ndapha bambo ake a Taonga! Mantha atandigwira, manja anga anawonjezera liwiro. Ndinkaomba mopepesa, mwamphamvu, kuti amve kuti ndalapa.

Ndiye taganizani zimene anaona anthu aja atacheuka. Mkulu ali gone pansi akubuula, ndipo kutali uko mnyamata wagwada pa udzu, chipewa wataya, akuomba m'manja ndi mtima wonse.

"Leka!" Bwalya anandigwira manja. "Baganiza ati usekelela goal!"

Anathamangira komweko, ine pambuyo pake. Koma ndili pakati panjira ndinakumbukira lamulo lina lija. Ndawalakwira apongozi, ndipo wolakwa salankhula yekha. Ndinaima pansi pa mtengo, chapatali pang'ono, n'kutulutsa foni.

"Ba uncle, nachaya bapongozi."

"Wachaya ndani?"

"Ba Sakala. Na bola."

"Mayo! Bali moyo?"

"Mendo yayenda-yenda."

"Wabachaya pati?"

"Pokhalila."

Kumbuyo ndinkamva kondakitala wa minibasi akuitanira anthu a ku town. Kenako amalume anati, "Usayende pafupi. Usakambe chilichonse. Nibwela."

Mnzawo wina wa a Sakala, bambo wandevu zoyera, anandiloza ndi ndodo. "Onani! Ayamba na kuombela mumanja, manje atumila banzake phone kubauza! Uyu mwana ni wa bwanji?"

A Sakala anadzutsa mutu pa udzu. "Muitaneni."

Ndinapita chokwawa ndi mawondo, maso ali pa nsapato zawo. Anthu a magulu ena anali atasonkhana, ena atatulutsa kale mafoni. A Sakala sanakalipe ayi. Analankhula mozizira, ngati akukana loni.

"A Mwale, munandiona kuti ndili kutsogolo?"

"Ninakuonani, ba tate."

"Ndipo munamenyabe?"

"Ninaganiza ati siizafika."

"Itanyamuka, munaona kuti ikubwera kwa ine?"

"Ninaiona, ba tate."

"Nanga osakuwa bwanji?"

"Ulemu, ba tate."

Ngakhale wandevu uja anatsitsa ndodo.

"Ulemu?"

"Ba uncle banakamba ati bapongozi sibapundiliwa. So ninagwada, nachita odi."

"Munachita odi." A Sakala anatseka maso. "Munaona kuti ndikufa, ndiye munasankha kuti ndife mwaulemu?"

Wina anaphulika kuseka n'kudzigwira pakamwa. A Sakala sanaseke. Powanyamula kupita ku galimoto, komwe anawagoneka chafufumimba pa mpando wakumbuyo, anatembenuza mutu n'kunena mawu amene ndinkawaopa: "Muwauze amalume anu asavutike Loweruka."

Amalume anafika galimoto itapita kale, thukuta lili kamukamu, atavala jekete la ukwati. Anandipeza ndikadali chogwada.

Masiku otsatirawo sindinadye bwino. Taonga sankayankha foni. Atayankha, anangoti, "Ba doctor bakamba ati sembe inabachaya kumutu, sembe tili pa malilo. Iwe, odi? Odi zoona?" N'kudula. Ndinalira ndithu, mutu nditaulowetsa m'firiji ya kasitomala kuti anyamata a pa shopu asandione.

Koma amalume ndi munthu wosamva kukanidwa. Loweruka lija anagula tambala woyera, n'kunditenga mpaka ku Chilenje. Ine anandisiya kunja kwa geti. Zam'katimo anandifotokozera Taonga pambuyo pake. Akuti anawapeza a Sakala atagona chafufumimba pa kapeti, chifukwa kukhala pampando kunali kusakutheka. Amalume anayang'ana sofa, anayang'ana mwini nyumba ali pansi, n'kuona kuti sangakhale pamwamba pa munthu amene abwera kudzamupepesa. Anagwada, koma anali akadali pamwamba. Basi nawonso anagona chafufumimba, jekete lili m'thupi, tambala ali m'khwapa.

Madoda awiri anakambirana choncho, zibwano zili pa kapeti. Amalume anavomera kuti malangizo aja anali awo. Patapita nthawi, Taonga anatuluka maso ali ofiira, sindinadziwe ngati n'kulira kapena kuseka.

"Bakuitana."

Ndinalowa, ndinaona mmene zinthu zinalili, nanenso ndinayamba kutsika kuti ndigone.

"Imani pomwepo!" anatero a Sakala. "Nyumba ino si chipatala. A Mwale, amalume anu akuti munangotsata zimene anakuuzani. Ndiye makutu muli nawo. Chimene sindikudziwa n'chakuti mawu muli nawo kapena ayi. Mwana wanga sangakwatiwe ndi munthu amene nyumba ikamapsa adzagwada pa windo n'kumaomba m'manja. Pitani pa geti mukandichenjeze."

Ndinayang'ana amalume. Iwo anagwedeza chibwano pa kapeti.

Ndinapita pa geti. "Fore," ndinatero.

"Sindinamve!"

"Fore!"

"Mpira wandipeza kale! Kwezani!"

Ndinakoka mpweya wonse wa mu Chilenje, ndinaiwala amalume, ndinaiwala ulemu. "FOOORE!"

Agalu a mzere wonse anauwa. Mayi wina wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anabisala pansi pa tebulo. M'nyumba muja tambala anapulumuka m'khwapa mwa amalume n'kukatera pa TV. Kenako ndinamva a Sakala akuseka, kuseka kosakanikirana ndi kubuula.

"Eya! Tsopano tikambe za lobola."

Taonga ndinamukwatira, ndipo gofu sindinaigwirenso. Koma apongozi anaika lamulo limene lilipo mpaka lero: ine ndekha mwa akamwini awo onse sindiloledwa kuchita odi pakhomo pawo. Ndikafika pa geti, ana ali m'manja, ndimayenera kukuwa kuti "Fore!" Ndipo nkhalamba ija, kulikonse kumene ili, imaphimba kumbuyo ndi manja awiri n'kuyankha kuti, "Bisalani, a Mwale afika!"

Apongozi apatseni ulemu wonse, koma mpira ukakhala m'mwamba, akuwireni ngati akuberani foni.