Lata Limodzi la a Pilato Namakhwa

Pa Chinakanaka panalibe munthu wosalidziwa lata la a Pilato Namakhwa. Linali limodzi lokha, koma m'zaka zisanu ndi zinayi linayenda mtunda woposa minibasi zina za pamsewu wa ku Limbe. Ankalipinda ngati mphasa, n'kulimanga ndi malegeni panjinga yawo, n'kumaikankha pakati pa msika kuti aliyense aone kuti landilodi akupita kukakonza nyumba. Amayi ogulitsa nanazi akangomva phokoso lake ankagwedezana n'kumati, “Kwinakwake kwadontha.”

Bamboyu anali ndi nyumba za lendi zisanu ndi imodzi kuseri kwa msika, mdadada umodzi, zimene anamanga atapuma pa ukapitawo ku esiteti ya tiyi. Chimangireni sanakhomepo msomali ngakhale umodzi. Munthu akadandaula kuti denga likudontha, iwo ankabwera ndi lata lija, n'kulitsamiritsa pakhoma la wodandaulayo, n'kunena kuti kalipentala wawo, a Ganizani, afika Lachinayi. Wina akadandaula mokweza kuposa woyambayo, lata linkasamukira kumeneko.

Joice anafika pamdadadapo kuchokera ku Thuchila ndi makina ake osokera ndi ana awiri, mwamuna wake atamwalira. Anali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Atalowa m'nyumba yachitatu imene a Pilato ankamuonetsa, anayang'ana kumwamba n'kuona timadontho ta kuwala tili ngundangunda kudenga.

“Bambo, nanga tizibowo iti?”

“Mwanangu, uli ndi maso abwino, ndiwe telala ndithu,” anatero a Pilato. “Amenewo ndinachita kuboola dala. Nyumba za anzanga anthu akukomoka ndi kutentha. Muno mphepo ikulowa yokha, ulere.”

“Nanga mvula ikabwera?”

“Mvula ya kuno imagwa chopendeka, imachokera kuphiri. Siipeza bowo ayi.”

Joice anaseka, poganiza kuti ndi mkulu wanthabwala chabe. Analipira, n'kulowa.

Mvula yoyamba inapeza bowo lililonse. Inapezanso diresi laukwati la mwana wa aphunzitsi ena, limene Joice anatha milungu itatu akulisoka n'kulipachika pakhoma kuti lisakwinyike. Anali atangothamangira kumsika kukagula ulusi. Pobwerera anapeza madzi adzimbiri atajambula mzere wofiirira kuyambira paphewa mpaka pansi. Ukwati unali Loweruka. Anachapa ndi mandimu, anayesa mchere, zonse zinakanika. Mapeto ake anagulitsa mbuzi imene anasiya kwa mchemwali wake ku Thuchila kuti agule nsalu ina, ndipo banja la aphunzitsi lija silinabwerenso kudzasoketsa ngakhale kabudula.

A Pilato atabwera, Joice anawatambasulira diresi lija pamaso. Iwo analiyang'anitsitsa, mutu utapendekeka.

“Komatu mtundu umenewu ukukongola,” anatero. “Ku Blantyre akuchita kuufuna.”

Tsiku lomwelo lata linatsamira pakhoma la Joice, ndipo anauzidwa za a Ganizani ndi Lachinayi lawo.

Malachinayi anadutsa ambiri. Nthawi ina a Ganizani anali kumaliro. Nthawi ina anali atabwereketsa hamala. Kenaka anadwala malungo, atachira njinga yawo inaphulika tayala pa mlatho. Oyandikana naye, a Luckson akabaza ndi a Abdul ogulitsa nyama ya mbuzi, ankangomuyang'ana Joice mwachisoni akamasesa pakhomo Lachinayi m'mawa podikira mlendo. Tsiku lina mayi wina anabwera kudzachepetsa siketi, ndipo pocheza zinadziwika kuti ndi mkazi wa a Ganizani, kalipentala.

“Ndiye mukawauze amuna anu kuti ine ndatopa kudikira,” anatero Joice.

Mayiyo anaika siketi pansi. “Mukawaona inuyo mundiuzireko. Anapita ku Joni mwana wanga wotsiriza ali m'mimba. Pano ali sitandade foro.”

Joice atawafunsa a Pilato za zimenezi, iwo sanachite ngakhale kuphethira. “Eya, n'chifukwa chake akuchedwa. Iwe ukuona ngati ku Joni n'pafupi?”

Za chitseko ndiye anthu amafotokozabe mpaka lero. Cha a Abdul chinadyedwa ndi chiswe mpaka nkhuku zinkalowa osawerama. A Abdul, munthu wosakonda zolankhulalankhula, anangowauza a Pilato kuti mwezi ukatha akusamuka. Mawa lake madzulo pochokera ku msika anapeza chitseko cholimba, chamahinjesi abwino, chili pamalo. Anadabwa mpaka anakawathokoza ndi chiwindi cha mbuzi. Patangopita kanthawi a Luckson anafika ndi njinga yawo yakabaza, atatopa ndi zitunda, n'kupeza nyumba yawo ili yasa, pakhomo patapachikidwa thumba la feteleza.

“A landilodi, chitseko changa chili kuti?”

“Chanu? Munabwera nacho pobwera?”

“Ndiye ndizigona bwanji?”

“A Luckson, tiyeni tinene zoona. M'nyumba mwanumo muli chiyani choti wakuba angabe? A Abdul ali ndi mipeni, sikelo, wailesi. Inu muli ndi mphasa ndi pampu. Ine ndimaganizira anthu anga malinga ndi mavuto awo.”

A Luckson ndi a Abdul anatha mwezi wathunthu osapatsana moni chifukwa cha chitseko chimenecho, mpaka Joice anawakhazika pansi pamtengo wa mango wa pabwalo n'kuwakumbutsa kuti wowazunza ndi mmodzi. Kuyambira pamenepo anthu a pamdadada ankakumana pamtengopo Lamulungu lililonse masana, kukambirana za a Pilato. Munthu aliyense ankabwera ndi bodza latsopano limene wauzidwa sabata imeneyo, ndipo ankaseka mpaka misozi, ngakhale kuti pobwerera aliyense ankakalowa m'nyumba yonunkha chinyontho.

Chimbudzi ndicho chinathetsa kuseka. Chinali chimodzi cha mabanja onse asanu ndi limodzi, silabu yake itagona pamitengo imene inaikidwa pomanga mdadada. Mvula ya Febuluwale itakhazikika, silabuyo inang'aluka pakati, ndipo munthu akapondapo inkalira. Joice analetsa ana ake kulowamo, n'kumawaperekeza kwa mnzake kutsidya kwa msewu. Loweruka lina m'mawa anthu onse anawadikira a Pilato, amene anatulukira atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, ali paulendo wa kuchinkhoswe.

“Chimbudzi chija chipha mwana,” anatero Joice. “Lero musatiuze za a Ganizani.”

“Chimbudzi chiti? Chimene ndinathira matumba anayi a simenti? Inu anthu simudziwa zomangamanga. Mng'alu umenewo ndi wa pamwamba chabe. Bwerani muone.”

Analowa, chitseko chili chotsegula, anthu ataunjikana panja. Anaponda ndi chidendene. “Mwamva? Mwala!” Analumpha kamodzi. “Njovu ikhoza kuvina pano!” Analumphanso kachiwiri, mokweza, manja ali m'chiuno.

Kachitatu sanamalize. Kunamveka kuti phwaa, kenaka phuvu, ndipo pamene panali a Pilato panatsala chipewa chokha chili m'mphepete mwa dzenje.

Mwamwayi dzenjelo silinali lakuya kwambiri. Anamira mpaka pachifuwa, osavulala paliponse kupatula ulemu. A Luckson anathamanga kukatenga chingwe, koma atafika nacho Joice anawagwira mkono.

“Dikirani kaye, achimwene.” Anasuzumira m'dzenjemo atatseka mphuno ndi chitenje. “A landilodi, muli bwanji kumeneko?”

“Mwanangu, ponya chingwe! Ndikufa!”

“Musadandaule. A Ganizani abwera Lachinayi.”

A Abdul, amene anthu anali asanawamvepo akuseka mokweza, anakhala pansi m'matope atagwira nthiti. M'dzenjemo a Pilato analonjeza zonse. Denga la Joice, chitseko cha a Luckson, chimbudzi chatsopano chanjerwa zootcha, ngakhale magetsi amene palibe anawapempha. Analumbira potchula mayi awo amene anagona kalekale ku Chambe. Atawakoka, amayi a pamjigo anakana kuti ayandikire, moti anawathira madzi ali patali, chidebe ndi chidebe, ngati akuzimitsa moto. Kuchinkhoswe sanafikeko.

Lolemba anabwera atasamba, akununkhira sopo, ndipo Joice anawakumbutsa malonjezo aja.

“Ndinanena ndili kuti?”

“M'dzenje.”

“Ndiye iwe ungatenge mawu a munthu ali m'dzenje? Ndinali ngati wodwala, mutu sunkagwira. Ndipotu ndikanafuna ndikanakusumirani nonse. Silabu imeneyo mwaifoola ndinu, kudya kalongonda tsiku ndi tsiku.”

Chimbudzi chatsopano anakumba okha a Luckson ndi a Abdul, njerwa anasonkherana. Chitatha, a Pilato ankabwera ndi anthu ofuna nyumba n'kumawaonetsa monyadira kuti aone mmene iwo amasamalira anthu awo.

Joice anafika potopa. Lamulungu lina a Pilato ali kutchalitchi, lata lili pakhoma la nyumba yachisanu, iye anagula misomali, n'kubwereka makwerero. A Luckson anakwera nalo lata lija padenga la Joice. Mitengo ya denga inali itadyedwa ndi chiswe moti misomali inkangolowa ngati m'papaya, ndiye anamanga ndi waya. Lata linakwana ndendende pamwamba pa makina osokera.

A Pilato atafika masana anaima pabwalo, maso ali kudenga, kukamwa kuli yasa. Anthu ankayembekezera mkuntho. Koma mkuluyo anangoti chapansipansi, “Mwandivula.” Analiyang'anitsitsa lata lija nthawi yaitali ndithu, mpaka Joice anayamba kumva kachisoni. Kenaka anakonza kukhosi n'kunena kuti popeza nyumba yachitatu tsopano ndi ya lata latsopano, lendi yake ikwera.

Lata lina sanagule. Ankabwerabe kumdadada, akukankha njinga yopanda kanthu, koma mabodza awo anayamba kuchepa mchere. Chaka chotsatira anadwala miyendo, inatupa, ndipo mvula isanathe anamwalira.

Pamaliro ndi pamene Joice anaona koyamba nyumba ya a Pilato eniake, kumudzi kwawo kuseri kwa minda ya tiyi. Iye ankaganiza kuti munthu wodya lendi ya nyumba zisanu ndi imodzi amagona pabwino. Anapeza khoma lakumbuyo litachirikizidwa ndi mitengo iwiri ya bulugama, mawindo atatsekedwa ndi makatoni. Mvula itayamba, amayi amene anakhala m'nyumba mozungulira bokosi anayamba kusunthasuntha, nyimbo ili pakamwa, aliyense kufunafuna pouma. Mayi Marjory, mkazi wa malemuyo, anadzuka pamphasa yawo yamasiye, n'kuyamba kuika mabeseni ndi mapoto m'malo mwake osayang'ana n'kumwamba komwe. Mbale yomaliza anaiika pamwamba pa bokosi, chakumiyendo.

Joice anawathandiza kukhuthula beseni lina pakhonde. “Amayi, zaka zonsezi mumakhala chonchi?”

“Makumi anayi,” anatero mayi Marjory. “Inu mumadandaula, koma munali ndi mwayi, mukanatha kusamuka.” Anapukuta manja pachitenje. “Ndalama zonse zinkapita ku sukulu za ana a mchimwene wawo amene anatsala amasiye, asanu ndi awiri. Koma musawayese woyera ayi. Akanatha kukuuzani zoona. Bodza ankalikonda lokha, ngati mmene ena amakondera fodya.”

Ana aja atagawana za malemu, mdadada anaugulitsa kwa munthu wina wa ku Blantyre amene palibe anamuonapo nkhope. Anatumiza anthu kudzapaka penti yabuluu kutsogolo kokha, lendi n'kukwera kawiri. A Luckson anasamukira ku Thuchila. A Abdul anabwerera kwawo ku Mangochi. Mtengo wa mango anaudula kuti pakhale poimika galimoto, ngakhale kuti pamdadada ponse palibe ali ndi galimoto. Joice anatsala chifukwa makasitomala ake anazolowera pamenepo. Oyandikana naye atsopano amangopatsana moni wapakamwa, aliyense n'kulowa kwake. Khoma lakuchipinda kwa ana linayamba kung'aluka chaka chatha, ndipo Joice akatumiza uthenga pafoni kwa mwini mdadada, yankho limabwera patapita masiku atatu, mawu awiri okha, akuti tamva, tiona.

Tsiku lina mtsikana wina wa m'nyumba yoyamba, namwino wongofika kumene, anabwera kudzasoketsa yunifolomu. Anali atamva nthano za a Pilato kumsika, ndipo anafunsa ngati mkuluyo anali munthu wabwino pansi pamtima.

Joice anaimitsa makina. “Wabwino? Ayi. Anali wabodza, woumira, wopanda manyazi ngakhale pang'ono. Anandiphera mbuzi yanga, akanandipheranso ana.” Analowetsa ulusi m'singano. “Koma bodza lawo ankabwera nalo okha. Ankakhala pakhonde apo, n'kufunsa ana mayina awo ndi mmene akukhozera kusukulu, kenaka n'kundinamiza akundiyang'ana m'maso. Ndinkawatukwana, iwo n'kumva. Uyu wa pafoniyu ndimutukwanire kuti?”

Anapondanso makina aja. “Tembenuka, ndikuyeze m'chiuno.”