Malata a ku Ngokwe ndi mkanjo wa apongozi

Mpaka lero mvula ikayamba kugunda padenga, ndimayamba ndazungulira nyumba yonse ndi tochi, kusangalala pambuyo. Anandiphunzitsa zimenezi ndi mkanjo wa apongozi anga.

Zinali zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Ine mumsikamo ndinkadziwika: wogulitsa akandiona ankayamba kutsitsa mtengo ndisanapereke n'komwe moni. Ndiye nditamva kuti ku Ngokwe mkulu wina akugulitsa malata osasula pa shedi ya thonje, ndinapita n'kukanenerera mpaka anakweza manja. "Tengani achimwene, mwanditopetsa!" (Mmene ankamwetulira pondithandiza kupakira, ine ndinkayesa ndi ulemu.) Mabowo a misomali ndinamata ndi phula, kanyumba kanga ku Balaka n'kuoneka ngati ka bwana, ndi magetsi omwe.

Lachinayi lina apongozi aamuna, Che Saidi, anabwera kuchokera kwa Kawinga kudzaona ngati mwana wawo angakhaledi kutauni, kapena ine ndikakhale chikamwini kumudzi. Mkazi wanga Asiyatu anawachapira mkanjo wawo woyera wopitira kumzikiti mawa lake, n'kuusita, n'kuuyala pabedi kuchipinda.

Cha m'ma faifi kunja kunada bii, mphezi ng'ani, magetsi n'kuthima. Asiyatu anati akayatse nyali.

"Iyayi, taisiya kaye," ndinatero. "Bambo amveko malata. Kumudzi udzu umameza mvula yonse."

Ndipo kunalidi kokoma, abale. Inayamba ngati munthu akuwaza mpunga palichero, kenako waaa, bingu likuyankhira cha kumapiri, kafungo ka dothi kakulowa pazenera. Ine mwendo pamwamba pa unzake, kumafotokoza mumdimamo ngati wa pawailesi. Kenako kunamveka kena kofewa: tapu... tapu... tapu.

"Nanga chimenecho?" anafunsa apongozi.

"Amenewo ndiye malata okhuthala, bambo. Otchipa salira choncho."

"Eti?" Anatchera khutu. "Koma ngati akulirira m'nyumba muno."

Asiyatu sanadikirenso chilolezo. Anakhwatcha machesi n'kulowa kuchipinda, ine ndinangomva, "Mayo ine!" Phula lija linali litasungunuka ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo madzi a dzimbiri osakanikirana ndi phulalo ankadontha pachifuwa penipeni pa mkanjo. Unali mawangamawanga ngati nkhanga.

M'mawa mwake Che Saidi anapita kumzikiti atavala jekete langa laukwati, manja ake akulekeza m'zigongono. Atabwerako sanakalipe ayi (bola akanakalipa). Anangoti, "Asiyatu, longedza. Udzu wathu sudziwa kuimba, koma sudontha. Inu bambo tsalani muzimvetsera, denga likakhala chete mudzamutenge."

Dzinja lonselo ndinamvetseradi ndekha, pakati pa mabeseni. Pofika pa kukolola ndinalowa m'sitolo n'kugula malata atsopano pa mtengo womwe anatchula, osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Wogulitsayo mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Misomali yokha ndiye ndinanenerera. Theka lake linapindika.