Dzina la Azamba Ndinalipezera pa Ayisi

Mwana wanga Esinati anandifunsa tsiku lina kuti, "Ababa, bwanji anzanu akuntchito amakutchulani Azamba pomwe ndinu mwamuna?" Ndinamutuma madzi akumwa kuti aiwale. Nkhani yake ndi yochititsa manyazi, koma lero ndiulula.

Nditamaliza sukulu ya madzulo, ndinalembedwa ntchito mongoyeserera pa kalabotale ka ziweto kufupi ndi kwa Maseya. Abwana anga, mayi Fombe, ankaweta maselo a ng'ombe, tizigawo tamoyo ta m'thupi tosaoneka ndi maso, m'timbale, m'kabati yofunda. Ankawathira mankhwala okulitsa, kenaka makina n'kuwerenga kuchuluka kwa mankhwala omwe akakamira kunja kwa maselowo. Lamulo linali limodzi: poyeza, timbale tizikhala pa ayisi.

Masiku amenewo Esinati anali wakhanda, akudwala chifuwa. Ndikaona timaseloto tikuchoka pofunda, mtima unkandiwawa. Kanthu kamoyo kukagoneka pa ayisi? Abwana akangotuluka, ndinkatisamutsira pawindo n'kutifunditsa kathawulo. Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Ayisiyo sankapita pachabe, tinkaziziritsira thobwa ine ndi a Nyamithambo, alonda athu.

Manambala a pa makina aja anakwera modabwitsa. Kwa milungu itatu abwana ankayenda ngati akuvina utse. Anaitana akuluakulu ochokera ku Blantyre kuti adzaone okha, nandinong'oneza kuti kalata yondikhazikitsa pantchito yayandikira.

Alendo atafika, mmodzi anafunsa kuti chinsinsi chake n'chiyani. Abwana asanatsegule pakamwa, ine ndinaimirira, chifuwa patsogolo.

"Chinsinsi n'chikondi, bwana. Ndimatifunditsa."

Onse ananditembenukira. Ngakhale chithunzi cha Pulezidenti pakhoma chinkaoneka ngati chikuyang'ana ine.

Mayi Fombe anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti selo likafundidwa limameza mankhwala aja, ndiye makina amawerengera pamodzi zakunja ndi zam'mimba zomwe. Ntchito ya ayisi ndi kuliletsa kumeza. Milungu itatu yonseyo tinkayeza kususuka.

"Nanga ayisi wanga ankapita kuti?" anafunsa.

A Nyamithambo, omwe ankasuzumira pakhomo, anakumbukira mwadzidzidzi kuti geti ili yokha.

Kalata ija inachedwa miyezi isanu ndi umodzi, koma dzina la Azamba linafika tsiku lomwelo! Ndinaphunzira kuti chifundo nachonso chiziyamba chafunsa.

Esinati ndinadzamuyankha atakulako.

"N'chifukwa cha iwe, mwanawe. Unkatsokomola ndiwe, ine n'kukafunditsa ana a eni kuntchito."