Matupi Awiri, Diso Limodzi

Lolemba

Alamu afika kuchokera ku Joni ndi makamera awiri m'chikwama! Amuna a achemwali anga aakulu amenewa, munthu wa mawu ochepa ndi mafuta onunkhira ambiri. Akuti ndiyese onse awiri sabata yonse, ndigule imodzi, yotsalayo abwerera nayo Lamulungu.

Yaikulu: ya akatswiri. Yolemera ngati njerwa ziwiri. Mabatani paliponse, ngakhale kunsi. Ukadina imalira tchatchatcha, zithunzi khumi usanaphethire.

Yapakati: yopepuka, mabatani owerengeka, imalira kamodzi, mwaulemu.

Mitengo yake sindilemba, pepala lingang'ambike.

Lenzi ndi imodzi yokha. Alamu akuti akatswiri amagula thupi lokha, diso amagula padera. Ndiye ndili ndi matupi awiri ndi diso limodzi lomasinthanitsa.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Loweruka. Esinati, chitsiriza cha amayi, akukwatiwa, ndipo abambo alengeza kuti pa ukwatiwo avina ngoma komaliza chifukwa mawondo atha. Ndajambula maukwati a eni kuyambira kuno ku Nsipe mpaka ku Tsangano ndi kakamera kanga kamene kanafa mwezi watha, koma chithunzi cha abambo anga akuvina ndilibe. Anasiya kuvala zikopa ndisanayambe ntchitoyi. Ndikufuna chimodzi chokha: iwo m'mwamba, fumbi pansi. Kamera imene ichite zimenezo ndiyo ndigule.

Lachiwiri

Mayeso oyamba: nkhuku. Yaikulu yajambula tambala akuthawa, zithunzi makumi atatu, nthenga iliyonse ikuoneka. Yapakati yajambula tambala yemweyo kamodzi. Tambala ndi mmodzimodzi.

Mayeso achiwiri: ulemu. Ndapita ku Boma yaikulu ili m'khosi. Zotsatira zake:
wakabaza wanditchula kuti bwana, kawiri;
kondakitala wandipatsa mpando wakutsogolo;
amayi ena ogulitsa kabichi andiuza madandaulo awo onse a mumsika kuti ndikalembe m'nyuzi.

Sindinawatsutse. Ndagwedeza mutu ngati munthu wodziwa zinthu.

Pobwerera khosi likupweteka, kucheuka ndikucheuka thupi lonse. Make Tadala, mkazi wanga, andipeza ndikusisita makamera onse awiri pa mkeka. Akuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Ndawauza kuti uku n'kufufuza. Aseka mpaka kukhala pansi.

Yaikulu ikutsogola.

Lachitatu

Mayeso enieni. Abambo atulutsa zikopa zawo m'sutikesi kuti zipitidwe mphepo. Chishango, chibonga, nthenga za kumutu, mangenjeza a m'miyendo. Ndawapempha kuti aponde pang'ono pabwalo. Avomera!

Ayamba bwino. Phazi pansi, dii! Mangenjeza akulira, agalu athawa, ine mtima m'mwamba. Ndakweza yaikulu kumaso.

Aima.

Aima njo ngati mtengo wa magetsi. Manja m'mbali, chibwano m'mwamba, maso osaphethira. Ndati vinani, abambo. Akuti, "Jambula kaye, iwe." Ndatsitsa kamera, ayambanso kuvina. Ndakweza, aima. Kanayi konse.

Amayi ndiwo andimasulira, akusankha nyemba pakhonde. Abambo anajambulidwapo kamodzi kokha pa moyo wawo, tsiku lolembedwa ntchito ku migodi. Kamera inali yaikulu yakuda, mzungu akukalipa kuti wogwedezeka abwerera kwawo. Zaka zapita zambirimbiri, thupi likukumbukirabe.

Ndaseka nawo amayi, koma kunena zoona zandimvetsa chisoni.

Zotsatira: zithunzi makumi asanu ndi limodzi za abambo ataima chilili. Zowala bwino zedi, mpaka imvi za m'mphuno.

Lachinayi

Basi, yankho lapezeka: yapakati! Ndasinthira diso, ndapita kwa abambo ndikuimba mluzu, ndawapeza atavala kale mangenjeza.

Ayiyang'ana. Andiyang'ana ine. Akuti, "Kachidole kameneka ukajambulire ana a sukulu. Ine ndili ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri. Ili kuti ya dzulo ija?" Akhala pampando, avula mangenjeza, ayamba kufunsa za mbewu ya kachewere.

Mndandanda watsopano:
Yaikulu: amailemekeza, koma savina.
Yapakati: angavine, koma amainyoza.
Ine: mutu ukuwawa.

Alamu ndawafunsa maganizo. Akuti, "Zonse ndi zabwino, alamu." Wogulitsa sanganene zina.

Masana azakhali atatu afika kudzathandiza za ukwati. Aona yaikulu patebulo. Ntchito yonse yaima. Aliyense akufuna chithunzi atavala chitenje chatsopano, kenako china atavala chakale, kenako china atanyamula foni. Ndiwo zapserera. Mlandu ndi wanga.

Lachisanu

Nzeru zandibwerera ndikutsuka m'kamwa!

Pulani:
1. Yaikulu m'khosi, pachifuwa, poonekera. Yopanda diso, yotseka ndi chivindikiro. Abambo akaiona akhutira kuti mwana wawo wabwera ngati munthu.
2. Osaikweza kumaso, zivute zitani.
3. Yapakati, yokhala ndi diso, m'chiuno, pansi pa jekete.
4. Kudina osayang'ana, nkhope ikuoneka ngati ikuganiza zina.

Ndayeserera pa make Tadala akusinja. Zithunzi khumi: mtondo, mtondo, denga, chigongono, mtondo. Chimodzi ali momo koma mutu mulibe. Akuti ndicho chabwino kuposa zonse zimene ndinawajambulapo.

Ndiwongola dzanja mawa. Katswiri saopa.

Mabatire onse adzaza magetsi asanazime. Chizindikiro chabwino!

Loweruka

Ukwati wokoma! Esinati akuwala, mkamwini akutuluka thukuta m'suti, nthungululu kuyambira kutchalitchi mpaka kumudzi. Zakutchalitchi ndajambula bwinobwino ndi yapakati, palibe wadandaula.

Masana, pabwalo. Makamera awiri pathupi limodzi, ndikuyenda ngati ng'ombe yapangolo. Anthu aona yaikulu, apanga mzere. Ndikuwauza kuti ilibe diso. Sakumva. Abusa aima patsogolo panga ndi banja lawo lonse, akumwetulira chivindikiro. Ndadina. Yalira tchatchatcha. Andithokoza. Mulungu andikhululukire.

Kenako mangenjeza!

Abambo atuluka ndi anzawo anayi, onse imvi mbuu. Amayi a m'mudzi akuwomba m'manja, nyimbo yakwera. Abambo aponya diso pachifuwa panga, aona yaikulu, agwedeza mutu. Pulani ikugwira!

Ndipo avina. Ambuye, avina! Sindinawaonepo chotero chikhalire. Chishango m'mwamba, phazi pansi, nthaka ikuyankha. Esinati akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Amayi agwira pakamwa. Ine chala chili pansi pa jekete, ndikudina, ndikudina, koma maso anga ali pa abambo ndipo sakuona bwino chifukwa cha misozi. Dzanja lija loti ndiwongole ndaliiwala.

Nyimbo ziwiri, basi. Akhala pansi akupuma mwamphamvu, akuseka ngati mnyamata.

Zithunzi sindinayang'ane. Ndikuopa.

Lamulungu

Ndayang'ana.

Fumbi: khumi ndi zinayi.
Mkati mwa jekete langa: zisanu ndi zinayi.
Nsapato za abusa: zitatu.
Galu: chimodzi, chokongola kwambiri.
Abambo: chimodzi. Phazi lokha.

Phazi lamanja, lili m'mwamba, mangenjeza atabalalika, fumbi likuwala ndi dzuwa kunsi kwake. Kumbuyo kukuoneka mutu wa azakhali, ndipo phazilo lili pamwamba pa mutuwo. Nkhope ya abambo mulibe. Sabata yonse ya kafukufuku, phindu lake phazi.

Ndatenga yapakati. Ndiyo yagwira ntchito, ndipo khosi langa lavota nawo. Alamu ndawaperekeza kumsewu, yaikulu yakwera nawo basi, wakabaza wayambiranso kunditchula kuti achimwene.

Pobwerera ndadzera kwa abambo kukapepesa. Ali pakhonde, mawondo atakulungidwa nsalu zotentha, amayi akuwakalipira. Ndawapatsa kamera kuti aone. Ayang'ana nthawi yaitali. Ayandikitsa kumaso. Atalikitsa.

"Phazi ili ndi langa?"

Ndati ndi lanu, abambo.

"Lafika pamenepa?"

Aitana amayi kuti aone. Aitana azakhali. Aitana munthu wongodutsa ndi njinga. Akuti chithunzicho chitsukidwe chachikulu, chipachikidwe pabalaza. Kenako alengeza kuti munthu wokweza phazi chotere sangasiye ngoma, amene ananena kuti mawondo atha ananama, pa Khirisimasi avinanso.

Amayi sakundiyankhula.

Ndikutsanzika, abambo andikodola. Akuti, "Pa Khirisimasipo ubwere ndi yaikulu ija. Kachidoleka kakudula anthu mitu."