Nyimbo Yosavinika ya a Whiteson

Kuno ku Chadiza aliyense ali ndi nthenda yake, koma ya malemu a Whiteson inalibe mankhwala ngakhale ku Chipata. Nthenda yake inali chimbale. Chimodzi basi! Bambo ameneyu ndiye anali mwini masipika otiimbira pa maukwati kuyambira pa boma mpaka ku Pembamoyo, ndipo chimene ankafuna pa moyo wawo chinali chakuti wina amve nyimbo yoyamba ya m'chimbalemo mpaka kumapeto. Ife ayi ndithu.

Chimbalecho chinali cha gulu lina la magitala la ku Migodi, kumene iwo anagwirako ntchito ali mnyamata. Gululo linali lotchuka kwabasi, nyimbo zake agogo ndi adzukulu ankavinira limodzi. Ndiye chaka china anyamatawo, kaya anadya chiyani, anatulutsa chinthu chosavinika. Gitala kulira ngati mbuzi yokodwa m'chingwe, ng'oma kulowera kwake, woimba kulowera kwake.

"Zina zija anaimbira miyendo yanu," ankatero a Whiteson, chala chili m'mwamba. "Ichi anaimbira makutu! Anthu anali atatchuka kale, akanatha kumangobwereza zomwezo n'kumanenepa. Koma analimba mtima! Tamvani ng'omayo, si ya kwathu kuno iyo? Anaibisa kunsi kwa gitala!"

"Nanga tivine bwanji, a Whiteson?"

"Kodi mipandoyi anaibweretsera ndani?"

Ine ndimaphika pa maukwati, choncho izi ndinaziona ndi maso angawa. Pa ukwati wina ku Zingalume gule anali atafika pokoma, fumbi koboo, apongozi akudula chiuno ngati alibe mafupa. Mwadzidzidzi, gwiii! Ngati chigayo chameza mwala. Anthu anaima mwendo uli m'mwamba. Phokoso lija linapita, linapita, kenako kunangoti zii. Mkwati, ndi suti yake, anathamangira ku jenereta.

"Musaigwire!" anakuwa a Whiteson. "Nyimbo ikadalipo!"

"Nyimbo iti? Kuli zii!"

"Zii ameneyo ndi wa m'nyimbo momwemo!"

Mayi ake a mkwatibwi sanafunse zambiri, anangozula chingwe.

Nanga za m'minibasi munazimva? Chimbale chija anali atachisamutsira pa fulashi, ndiye ananyengerera dalaivala wa ku Chipata kuti aike. Sitinapite patali, gwiii uja anayamba. Kondakitala anagwira mutu.

"Bwana, giyabokosi yapita!"

Dalaivala anaimitsa, tonse tinatsika, azibambo n'kuyamba kukankha galimoto yabwinobwino. A Whiteson ali pawindo: "Bwerani, inu, pokoma pakubwera!" Dalaivala atazindikira anawabwezera fulashi yawo n'kuwauza kuti ulendo wina adzakwere ngolo.

Akazi awo, a Magret, anali atagonja kalekale. Ankati, "Ine ndili pa mitala, asikana. Mkazi wamkulu ndi chimbale."

Ndiye inafika nthawi yoti mwana wawo mmodzi yekhayo, Lonia, akwatiwe ndi mphunzitsi wina, Evans. Boma lonse linayamba kunong'onezana. Lonia anapita kukagwada pamaso pa bambo ake.

"Atate, ndapota nanu. Pa tsiku langa lokha."

"Mwanawe, nyimboyi ndinasungira iwe."

"Mwaiimba pa maukwati onse, atate!"

"Kumene kuja ndinkayesa masipika."

Lonia sanaseke, anayamba kulira. A Whiteson anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Chabwino. Dzuka, ungadetse chitenje."

Tsiku la ukwati anthu anadzaza, ena osaitanidwa n'komwe, ongobwera kudzaona ngati mkuluyo apirire. Abale inu! Ife ophika tinapsereza mpunga poyang'ana chala chawo. Chinkanyamuka, chinkafika pamwamba pa batani, iwo n'kuchigwira ndi dzanja linalo. Thukuta kamukamu. Mpaka anakhalira manja onse awiri, Evans, mpongozi wawo wa tsiku lomwelo, n'kumawasinthira nyimbo. Koma nyimbo ija sanaiike. Lonia anavina mpaka nsapato kuvula, ndipo ukwati wokoma chotero sitinauonenso.

Popakira masipika a Whiteson anandiuza kuti, "Mwaona, amayi? Ndimamva ine."

Mvula ya chaka chomwecho isanathe, a Whiteson anatisiya. Anangodwala pang'ono.

Patapita milungu, Lonia anabwera kwathu, foni ili m'manja, maso ali psuu.

"Amayi, nyimbo ya atate ija munaimvapo mpaka kumapeto?"

"Ndani anaimvapo, mwanawe? Ngakhale amako ankathawira kudimba."

Anakhala pakhonde n'kuitsegula. Chigayo chija chinabwera, mbuzi ija inalira, kenako zii uja. Ine ndinati yatha, Lonia anandigwira dzanja. Tinadikira. Ndiye patalipatali kunayamba gitala imodzi, yofatsa, ndi mawu a bambo wina akuimbira mwana wake wamkazi wopita ku banja, kumuuza kuti apite bwino, chitseko cha kwawo sichidzatsekedwa.

Ndinalira ngati maliro achitika dzulo.

"Bwanji sankangonena?" ndinafunsa.

"Ankati nyimbo safotokozera," anatero Lonia. "Ankafuna ndidzaimve pa tsiku langa, anthu onse ali pomwepo. Ine ndinawagwadira kuti asaiike."

Masiku ano maukwati a kuno amayenda bwinobwino. Masipika aja anawagula munthu wina, nyimbo zake zonse n'zovinika, palibe wothamangira ku jenereta, palibe wokangana naye. Timavina, timadya, timabwerera kunyumba opanda nkhani yosimba. Ndimawasowa bambo aja, ndimawasowa zedi. Lonia akaitanidwa ku ukwati amangopereka mphatso n'kubwerera. Amati nyimbo za kumeneko zimatha msanga.